Manja Amene a Gwirani-uko Atisiyira

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1958, achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu analekezera fomu 2, kenaka anakaphunzira utelala. Mu 1981 anakwatiwa ndi bambo athu aang'ono, amakaniko, amene mukuwaona pa njinga yawo ya olumala kutsogoloku.

Mu Ogasiti 1993, lole inawomba bambowa akuchokera kuntchito. Msana unathyoka, ndipo kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi thupi linangoti zii. Adokotala anachenjeza kuti akamagonera mbali imodzi, zilonda zidzawatenga msanga. Malemu sanalire nthawi yaitali. Anakokera makina awo osokera kuchipinda, pafupi ndi bedi, nayamba kuwatembenuza amuna awo, kuwasambitsa ndi kuwameta, uku akuwanyogodola kuti munthu wongogona akunenepa bwanji chonchi.

Nkhawa yawo inali imodzi, ndipo sankaibisa: iwo akadzatsogola, amuna awo adzawatembenuza ndani? Ndiye anapeza nzeru. Aliyense wolowa m'nyumba muja sankatuluka asanagwireko. Wodzayesa diresi, wodzabwereka nsimbi, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi, onse ankauzidwa kuti gwirani uko, mpaka mawuwo anasanduka dzina la malemuwa. Abusa athuwa ndi mboni: anabwera kudzapemphera, anabwerera jekete ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Ukagwira mwaulesi, eee, unkazimva! Phewa kaye, chiuno pambuyo, pilo pakati pa mawondo.

Mu Januwale chaka chino malemu anayamba kudandaula mtima, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Ukapita kukawazonda, asanayankhe n'komwe moni, ankayamba afunsa za msana wa amuna awo. Pa 1 Epulo mwana wawo wamkazi anawauza zoona zokhazokha, kuti kunyumba anthu akuchita kulimbirana kutembenuza bambo, ndipo miyezi yonseyi pathupi pawo sipanatuluke chilonda ngakhale chimodzi. Malemu anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake, pa 2 Epulo, anatisiya.

Asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi msewu wathunthu wa anthu odziwa kunyamula wodwala. Tikuthokoza anamwino, a mpingo, ndi inu aneba amene mwagawana kale masiku obwera kudzathandiza.

Mayi, zikutiwawa, tisaname. Koma za bambo musade nazo nkhawa, tiziwatembenuza. Inunso lero tikunyamulani mmene munatiphunzitsira, mofatsa, phewa kaye. Mwagwira yanu, kapumuleni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.