Ovololo Inkabwera Yoyera

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Inu a Chibemba kumbuyoko, mwapoleni mukwai. Ndine Phiri wa ku Kawama. Zaka twenty-six ndinali wowotcherera zitsulo kumgodi.

Tsiku lina anatiitana ku ofesi. Ntchito yatha. Abale, ndinachita manyazi. Ine mkulu wa mpingo, mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Malawi wapansi kudzagwira ntchito ya mgodi! Mayi akunyumba sindinawauze. M'mawa uliwonse ndinkavala ovololo ndi jombo, kutenga kamba wanga, n'kukakhala pasiteshoni ya basi mpaka four. Miyezi isanu, abale. Miyezi isanu. Pemphero linandikanika. Ungapemphere bwanji bodza lili m'kamwa?

Kenako mwana wathu Tiyamike, namwino ku Glasgow, ku Scotland, anatiitana. Ndinati ndatenga tchuthi. Bodza linanso.

Mzinda uja uli pamtsinje wa Clyde, ndipo mvula yake sipempha chilolezo. Kale ankapanga sitima zapamadzi zikuluzikulu kumeneko. Lero mafakitale ambiri anatsekedwa. Koma m'mbali mwa mtsinje mwaima chikireni chonyamulira zitsulo, chachitali, chosagwiranso ntchito. Sanachibise ayi. Alendo amachita kubwera kudzachijambula.

Tili pomwepo, mzungu wina wokalamba anayang'anitsitsa manja anga. Anapinda malaya ake, n'kundionetsa zipsera za moto zonga zanga.

"Wowotcherera mnzanga," anatero. "Ine anandichotsa ntchito kalekale. Koma sitima ndinapanga, ndipo zinayenda."

Ananena poyera, akumwetulira, mkazi wake ali pambali. Mtima wanga unasweka. Ndinatembenukira mayi akunyumba.

"NaBanda, ntchito ija inatha mu January."

Iwo anangondikonza kolala ya jekete.

"Bambo a Tiyamike, ovololo yanu amachapa ndani? Miyezi isanu madzi akutuluka oyera. Ine ndimangodikira, ndikukupemphererani."

Ndinalira, abale. Bambo wamkulu, pamvula, alendo akujambula chikireni chawo. Tsiku lomwelo ndinathanso kupemphera.

Lero ndimawotcherera mageti ndi mbaula pakhomo panga. Si zambiri, koma tikudya, ndipo ndikutuluka m'nyumba osanama. Ndithokoza Mulungu amene anandidikira. Ndithokozanso mayi aja akhala kumzere wachiwiriwo, amene tsopano akudandaula kuti ovololo yanga ikuwathera sopo.

Ambuye alemekezeke. Ameni.