Bambo Amidu Idrisa sanali namapopa

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1971 m'mudzi muno, m'dera la Mwambo, ndipo anali achitatu m'banja la alimi a mpunga. Pulayimale ndi madarasa anaphunzira konkuno, sekondale ku Zomba. Mu 1996 anamanga banja ndi mayi Shamila a ku chilumba cha Chisi, ndipo mu 1998 anayamba ntchito ya ulangizi wa zaumoyo. Ambiri amene mwakhala pano munalandira katemera kuchokera m'manja mwawo.

Mu 2015 kunabwera alendo a bungwe la madokotala a matenda a impso, lomwe limachita kafukufuku ndi kuphunzitsa azaumoyo. Ankafuna kudziwa chimene chikutupitsa mapazi ndi nkhope za alimi a ku Likangala. Anthu anakana kupereka magazi kwa anthu osawadziwa. Ndi malemuwa amene anayenda khomo ndi khomo, nayamba kutambasula mkono wawo anthu akuona, nalonjeza kuti zotsatira zidzabwera ndipo aliyense adzauzidwa. Munawakhulupirira chifukwa anali mwana wanu.

Koma mlendo ndi mame. Magazi anapita pa galimoto, zotsatira sizinabwere.

Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitafika kuno, anthu anakumbukira amene anawatsogolera kukapereka magazi. Nyumba iyi inagendedwa, njinga yawo ya ntchito inaponyedwa m'ngalande, iwo anathawira kwa apongozi awo ku Chisi pa bwato. Anawaimbira a bungwe aja kuwapempha chinthu chimodzi chokha, kuti abwere tsiku limodzi adzaime pamaso pa anthu n'kunena kumene magaziwo anapita. Poyamba anayankhidwa kuti kuno n'koopsa. Pambuyo pake anati kafukufukuyo anatha kale. Tinangomva kuti zotsatirazo zinawerengedwa pa msonkhano waukulu mu hotela, anthu n'kuwomba m'manja. Dzina la malemu silinayeretsedwe, ndipo mpaka lero ana awo akamadutsa pamsika amalozedwa zala.

Mu 2023 mapazi a malemu nawo anayamba kutupa. Anadziwa okha chimene chinali, poti anali ataphunzitsidwa bwino. Makina osefa magazi ali kutali, odwala ndi ambiri, ndipo thupi linatopa ndi maulendo. Atisiya dzulo m'mawa, akufunsabe ngati alendo aja anena tsiku lobwera.

Lero a bungwe atitumizira nkhata ya maluwa kudzera kwa dalaivala. A bungwewo anadya nawo malemuwa, anayenda nawo miyezi yambiri, koma sanadziwe kuti munthuyu ndi Msilamu ndipo pamanda athu sitiika nkhata. Ili apo pansi pa mtengo wa mango. A dalaivala mubwerere nayo, mukawauze kuti chimene tikudikira si maluwa. Zikutiwawa, ndipo sitibisa.

Malemu asiya mayi Shamila, ana atatu, Hussein, Rabia ndi Salma, komanso zidzukulu ziwiri. Tikuthokoza a Shehe, adzukulu okumba manda, amayi amene agona pano, ndi anamwino amene anawasamalira mpaka kumapeto. Tikuthokozanso inu amene mwabwera kudzanyamula jeneza, chithatha cha maliro, ngakhale manja ena mwa amenewa ananyamulapo miyala. Poti oyenera kunena sanabwere, tinena ndife: bambo Amidu Idrisa sanali namapopa. Mukawauzenso ana anu kunyumba.

Mulungu awakhululukire, awalandire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere umene kuno tinawamana.