Agogo Dou Guizhi, Odya Nyumba Ziwiri

Malemu agogo athu, mayi Dou Guizhi, anabadwa pa 9 Malichi 1941 m'mudzi wa Doujiawan, kutsidya kwa mtsinje. Ndikuwerengane ndine Cuiping, mdzukulu wawo, mwana wa bambo Meng Weidong. Bambo mawu awathera, ndiye pepalali ndalemba ndekha.

Sukulu anapitako nyengo ziwiri zozizira, mu 1951 ndi 1952. Ankatha kulemba dzina lawo basi, koma nkhani za m'mudzi muno ankazidziwa kuposa wailesi. Akuti ndinatengera iwo.

Mu 1961, chaka cha njala, anakwatiwa ndi malemu a Meng Youtian. Paukwati wawo anthu anadya masamba a mbatata. Anabereka ana atatu: bambo aakulu a Jianshe, azakhali a Xiuqin, ndi bambo anga. Ankalima tirigu ndi chimanga. Kabichi wamchere amene ankafutsa mumtsuko ankafika Epulo osawola, ndipo ambiri mwakhala pano munkabwera ndi timbale.

Mu 1998 ana aamuna anagawana miphika, aliyense n'kumaphika payekha. Agogo aamuna atamwalira mu 2009, akuluakulu anagamula kuti agogo azidya nyumba ziwiri: pa 1 mpaka pa 15 kwathu, pa 16 bambo aakulu azibwera kudzawatenga. Ankamanga mbale yawo ndi timitengo todyera m'kansalu, n'kumati, "Ndakalamba n'kusanduka mlendo wa ana anga." Ankanenanso kuti mayi aakulu, akazi a bambo aakuluwo, mafuta amachita kudontheza ngati mankhwala a m'maso, pomwe mayi anga mchere amathira ngati ayambana ndi munthu.

Mu Ogasiti chaka chino agogo anayamba kuonda. Pa 16 Sepitembala bambo aakulu sanabwere, akuti akukolola chimanga. Pa 16 Okutobala sanabwerenso, akuti tirigu. Mayi anga sanadandaule. M'mawa phala la mawere ndi banzi lophika pa nthunzi, masana banzi ndi kabichi, madzulo dzira. Agogo ankangoti, "Siyani pompo amake Cuiping, ndidya chikazizira." Mbale inkabwerera yopanda kanthu.

Pa 2 Novembala agogo anagwa pakhomo. Kuchipatala anawapeza ndi chotupa kummero, chakalekale. Anatisiya pa 14 Novembala 2019, ali ndi zaka 78.

Tsopano zamveka kugolosale kuti mayi anga ankawamana chakudya, n'chifukwa chake anatha thupi. Mayi chimvereni zimenezi sakudzutsa mutu pamaso pa anthu. Amene anayambitsa sindiwatchula, ali pompano, avala zoyera zamaliro ngati ife.

Dzulo tikusesa kuchipinda kwa agogo tinapeza thumba pansi pa bedi, lodzaza mabanzi ouma, ena a nkhungu. Ankalephera kumeza, koma ankabisa kuopa kutivutitsa. Phala ndi mazira ankapatsa mphaka, nonse mwamuona m'mene wanenepera. Mudzi wonse ukudziwa kuti mayi anga amaumba mabanzi obulungira, mayi aakulu amadula ndi mpeni amakona anayi. Thumbalo taliika pageti. Potuluka musuzumiremo. Amene apeze la makona anayi adzandiuze.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi chidzukulutudzi chimodzi.

Tikuthokoza azibambo amene akumba manda nthaka itauma gwa ndi chisanu, amayi amene akutiphikira kabichi ndi tofu wa soya masiku atatu ano, ndi a Fan akugolosale potibwereka mabenchi. Lero ndi pa 16. Tikuthokozanso bambo aakulu, amene atsogolere bokosi, kuti mwezi uno abwera kudzawatenga pa tsiku lake.

Agogo, kumene mukupitako n'kwanu, simudzasamukanso. Mzimu wanu uuse mumtendere.