Phala la Apongozi Silidalakwe, Lidangofulumira

Ndidali ku sikimu ya mpunga kuno ku Bwanje, ndikuingitsa mpheta ndi chitini, pamene mwana wanga Fredisoni adatulukira pa njinga akukuwa akadali kutali. "Amayi! Adokotala aimba foni! Ati magazi anu ali bwino, mankhwala agwira!" Chitini ndidaponya uko, nthungululu ndidaimba, mpheta zonse zidauluka zokha.

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, moni akumtunda, moni akuchigwa. Ine ndine naNgozo, gogo wake wa Tadala. Kulemba ndidaphunzira ndili kale ndi imvi ku sukulu ya kwacha, ndiye pomwe cholembera chapunthwa mundidzutse. Ndikuuzeni za nthenda ziwiri zomwe zidakhala mwa ine ngati akazi apamitala: nkhawa ndi chithokomiro.

Zidayamba ndi kuzizidwa. Bwanje mukumudziwa mwezi wa Okutobala, nthaka imawotcha mapazi, koma ine kunjenjemera, ine kunjenjemera. Ndidatulutsa chijasi cha malemu amuna anga a Nyoni, chomwe adabwera nacho kuchokera ku migodi ya ku Joni, nkumavala dzuwa lili paliwombo. Nkhope idatupa, tsitsi linkatsala pachipeso. Kenaka mawu adatsika. Ine amene ndinkayambitsa nyimbo kwa amayi a mpingo, mawu anga adasanduka achimuna, okhuthala, osasa. Pamwamba pa izo, mantha opanda mwini. Belu la njinga likalira, mtima uli gu gu gu, ndinkati abwera kudzanena maliro.

Anthu adaphatikiza zinthu ziwiri: chijasi cha malemu, mawu ngati a malemu. Kunong'onezana kudayamba kuti a Nyoni abwerera, alowa mwa akazi awo. Ndikamafika pa mjigo amayi ankakoka ana awo, macheza nkuzima. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo ndidapeza wina atawaza mchere pakhomo panga. Inu mukudziwa kumene zimathera nkhalamba ikapatsidwa dzina lija. Dzinalo sindilitchula, ayi, sindilitchula.

Nyengo yomweyo mkazi wa Fredisoni, apongozi anga naJere, adabereka Tadala. Tsiku lotuluka m'chikuta ndidatambasula manja kuti ndilandire mdzukulu wanga, koma amayi awo a naJere, a naMoyo a ku Mlangeni, adatembenuka naye. "Asiyeni kaye agogowa, ayambe apeza bwino." Mwana adandidutsa ngati mtolo wa eni ake. Msana uwu udabereka ana a mudzi wonse, koma wanga weniweni adandimana.

Fredisoni adanditengera ku chipatala cha ku boma. Adokotala adandigwiragwira pakhosi, adatenga magazi nkuwatumiza ku tauni. Adati pakhosi pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro komwe kamasonkhezera moto wa m'thupi, ndipo kanga kadagona. Adatinso mantha angawo ndi nthenda, dzina lake nkhawa, si mizimu. Ndidabwerako ndi mapiritsi amitundu iwiri, koyera kakang'ono ka chithokomiro ndi kena ka nkhawa.

Mayi wina woyandikana naye ataona ka nkhawa kaja adaomba m'manja, ati awa ndi a amisala. Ndidanyamuka kuti ndikawataye mu ngalande ya sikimu, koma panjira ndidakumana ndi amayi busa. Adandigwira dzanja. "Gogo, amene adalenga masamba ndi yemweyo adapatsa nzeru opanga mapiritsi. Imwani, ife tizipemphera." Ndidamvera. Pang'onopang'ono mtima udayamba kukhala pansi, belu la njinga lidabwerera kukhala belu basi.

Koma chijasi sichidachoke. Mawu sadakwere. Miyezi idapita, anthu nkumati, mwaona, zachipatala zakanika, izi nzina. A naMoyo adatumiza mawu kuti mpunga ukangomwetedwa adzatenga mwana wawo ndi khanda, azikakhala ku Mlangeni, kutali ndi nyumba yolankhulamo akufa. Mpunga udali utayamba kuweramitsa mitu. Ndinkauyang'ana ukupsa, ine nkumati usapse, usapse msanga. Pemphero langa lidatsala limodzi lokha: Ambuye, zaka sindikupempha, ndibereke mwanayu kumsana ngakhale kamodzi.

Tsiku lobwerera ku chipatala Fredisoni adatanganidwa kumunda, ndiye amene adandiperekeza adali naJere. Adokotala adayang'ana za magazi, adandiyang'ana ine, nkufunsa, "Agogo, mapiritsi aja mukumwadi?"

NaJere adamva ngati akuimbidwa mlandu. "Adokotala, ine apongozi anga sindiwazunza. Sadamwepo piritsi pa njala ngakhale tsiku limodzi. Ndimayamba ndawaphikira phala la soya lothira mkaka, akakhuta ndiye amwe."

Adokotala adagwira kumutu. "Mayi, chikondi chanuchi ndiye chatsekera mankhwala njira." Adalongosola kuti ka chithokomiro kamafuna m'mimba mopanda kanthu, ndi madzi okha, phala lizibwera pambuyo dzuwa litakwerako, chifukwa soya ndi mkaka zimakagwira kasanalowe m'magazi. Pawindo lolandirira mankhwala adanenadi kuti musanadye, koma tsiku limenelo makutu anga adali atatsekedwa ndi mantha. Nanga ndani mwa ife adamvapo za mankhwala ofuna njala? Tonse tidakula tikudziwa kuti piritsi pa njala limagwetsa munthu.

NaJere adalira mu minibasi njira yonse, akuti ndine ndakupwetekani amayi. Ine ndi mawu anga achimuna aja ndidati, "Musalire apongozi. Phala lanu silidalakwe, lidangofulumira."

Sizidathe tsiku limodzi. Tidasintha, piritsi kutsogolo, phala pambuyo, ndipo mpunga ndi ine tidayamba mpikisano. Mpunga kufiira, ine kuphwa nkhope. Mpunga kuuma, ine kuvula chijasi. Lamulungu lina ndidayesa kuyambitsa nyimbo chapansipansi, amayi a pabenchi lakutsogolo adacheuka onse.

Ndiye tsiku la foni lija ndidachoka kumunda ndikuimba, ndikuvina, matope ali m'miyendo. Kufika pakhomo ndidapeza a naMoyo atakhala pamkeka, atabwera kudzakonza za ulendo wa ku Mlangeni. Ndidaimba nthungululu ina pamaso pawo, yaitali, yoonda, yachikazi. Adandiyang'ana nkuseka mpaka misozi. "Awa si a Nyoni. A Nyoni nthungululu sankaitha!" Adamasula Tadala kumsana kwa mayi wake ndi manja awo, nkumuika pa msana wanga. Za ulendo sadazitchulenso.

Zikomo Yesu, zikomo Mwini moyo. Mapiritsi onse awiri ndikumwabe. Ka chithokomiro akuti nkamoyo wonse, ka nkhawa akuti ndisasiye pandekha, ndipo manyazi ndilibe nawo. Inu amene mtima ukukugundani popanda chifukwa, inu amene mukuzizidwa anzanu akutuluka thukuta, pitani akakuoneni. Mukamwa mankhwala osaona kusintha musawataye mu ngalande, bwererani mukanene zonse, ngakhale za phala. Pempherani osaleka, yankho langa lidatulukira pakamwa pa mpongozi wokwiya.

Tsono amene adabwera kudzakondwera nane ndi awa, Mulungu awadziwe mayina. Amayi busa adabwera, a naMaseko adabwera ndi mtsuko wa thobwa, a Ngwenya adabwera ndi ndodo yawo nkuponda ngoma ngati mnyamata. A naPhiri a pa mjigo adabwera, ana awo osawakokanso. Esinta adabwera, Dorofe adabwera, mayi uja wa mapiritsi a amisala adabwera atazyolika, ndidamukhazika pafupi nane. Fredisoni adalipo, naJere adalipo, a naMoyo adagona konkuno. Ndi Tadala, Tadala wanga, amene adandikodzera kumsana chitenje chonse kunyowa, ine osamutsitsa.