Mayi Mizu ndi Dzenje la Kuseri kwa Nyumba

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1961, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndaima pano ndine mlongo wawo wopondana nawo. Tinkakwapulidwa limodzi tikabwera kunyumba zovala zili mbuu, koma woyambitsa kukumba sanali ine.

Atamaliza sekondale mu 1980 anakaphunzira za ulimi, ndipo mu 1984 analembedwa ntchito pamalo ofufuza za nthaka. Ntchito yawo inali kulowa m'dzenje, kupala khoma lake ndi mpeni, n'kuona komwe mizu yadzera. Ankati muzu ndi waulesi ngati ine mlongo wawo. Ukakumana ndi dothi louma gwaa sulimbana nalo ayi. Umafuna una wa nyongolotsi, mng'alu, kapena njira imene muzu wakale unasiya utawola, n'kutsika momwemo mpaka kukapeza chinyontho. Anzawo akuntchito anangowatcha Mayi Mizu.

Mu 1987 anakwatiwa ndi alamu athuwa, atelala, amene mpaka lero amati sanaonepo mkazi wina woweruka kuntchito dothi lili m'makutu.

Atapuma pantchito mu 2015 anasamukira m'nyumba ino. Kuseri kwake nthaka inali ngati simenti, chimanga chinkafota mvula ikangodula pang'ono. Malemu anadzalapo nandolo, n'kuletsa kugaula. Mbewu zikauma ankadula m'munsi, osazula. Mlendo wina wachifundo atawazulira zitsa kuti awathandize, abale inu, tiyi anamwa yekha tsiku limenelo! Chomwe malemu ankalakalaka chinali chimodzi, kudzaona ndi maso awo mizu ya chimanga italowa pansi podzera m'njira za nandolo. Chaka ndi chaka ankakumba kadzenje m'mphepete mwa mundawo, n'kutulukamo akupukusa mutu kuti nthawi sinakwane.

Anayamba kudwala impso mu Januwale chaka chino. Ali m'chipatala sankafunsa za mankhwala, ankafunsa ngati chimanga chawo chafota. Alamu anawalonjeza kuti akatuluka adzakumba limodzi. Sanatuluke. Anatisiya pa 14 Epulo.

Dzulo m'mawa alamu anakumba okha kadzenje kaja, n'kupala khoma ndi mpeni wa malemu, pang'onopang'ono, ndi manja ozolowera singano. Anapeza mizu ya chimanga yoyera mbee yatsika m'mauna akale a mizu ya nandolo, kuzama kuposa mkono wawo. Anatembenuka kuti aitane mwini wake, n'kupeza pakhonde pali anthu a pamaliro okhaokha. Achemwali, zimene munkadikira zija zatheka, nanga tikuuzeni bwanji? Takusowani kale, ndipo zikutiwawa.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu ndi zidzukulu zinayi. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anzawo akuntchito, ndi inu aneba amene simunatisiye tokha. Chingwe mwachiona kuseriko si chipongwe. Tikupempha musapondeko, pakuti alamu akuti sanakonzeke kukwirira dzenje limenelo.

Mzimu wa Mayi Mizu, mlongo wanga, uuse mumtendere.