Mawu Anga Anatsala pa Lole ya Maliro

Monire mose, abale ndi alongo. Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Akumbuyoko, ngati simukundimva, sunthirani kutsogolo. Sindingathe kukweza mawu kuposa apa, ndipo nkhani yanga ndi yomweyi.

Funso limene ndikufuna kuyankha lero ndi ili: kodi Mulungu akakupatsa mphatso imodzi yokha, mphatsoyo n'kuchoka, chimatsala n'chiyani? Ntchito yanga ndi ya mu labotale, ndipo pophunzira dipuloma yake anatiuza kuti chotsatira chilichonse chili ndi choyambitsa. Choncho ndifotokoza mwadongosolo.

Ine ndine NyaChirwa wa ku Chibavi, makolo anga anachokera ku Nkhata Bay. Ambiri a inu mukukumbukira mmene ndinkaimbira. Si kudzitama ayi. Ndinkaimba! Mu kwaya, woyambitsa nyimbo ndinali ine. Loweruka ndinkachita masewero oimba ndi kagulu kathu mu holo ya ku Chibanja. Pa foni ndinali ndi mavidiyo a mayi wina wa ku Portugal, woimba komanso wochita masewero a nyimbo. Chipwitikizi sindichimva ngakhale liwu limodzi, koma ndinkaonetsetsa mmene ankapumira, ndi mmene ankayendera pa siteji akuimba, mpweya osamuthera. M'mavidiyo ena anali mtsikana, m'mavidiyo ena mutu uli mbuu ndi imvi, koma akuimbabe. Ndinati njira yanga ndi imeneyi, nanenso ndidzakalambira pa siteji.

Chimene sindinaganizire n'chakuti iye kwawoko ayenera kuti anali ndi akatswiri omusamalira kukhosi. Ine ndinali ndi jinja ndi mandimu basi.

Inafika nyengo yozizira, kuzizira kwa Mzuzu kumene mukukudziwa. Tinkakonzekera sewero lalikulu la nyimbo khumi ndi ziwiri, zonse zotsogolera ine. Mawu anayamba kusasa. Bambo Mhango, otsogolera kagulu kathu, anandiitanira pambali.

"Sister, kuyambira lero mpaka Loweruka, no singing. Ngakhale amuna anu akafunse kuti mchere uli kuti, muzingoloza ndi chala."

Tinaseka, ndipo ndinavomera.

M'sabata yomweyo amuna a NyaGondwe anamwalira. NyaGondwe ndi mnzanga wa m'chigwirizano cha amayi, wa ku Msongwe. Inu mukuudziwa mwambo wathu. Maliro akakwera pa lole, nyimbo siileka mpaka kumanda, ndipo woyambitsa nyimbo sakhala chete. Ukakhala chete, anthu amafunsa kuti unayambana chiyani ndi namfedwa. Ndinakwera lole ija nditatsimikiza kuti ndizingong'ung'udza chapansipansi. Koma injini itangolira, amayi onse anatembenukira kwa ine. Mmodzi anandigunda ndi chigongono.

"Iwe NyaChirwa, mawuwo ukusungira ogula matikiti? Yamba!"

Ndinayamba. Lole yopanda denga, mphepo yozizira ikulowa m'kamwa, kamvula kakuwaza, injini ikubangula pachitunda, ine ndikukuwa kuti ndiipose injiniyo. Ulendo wonse. Pobwerera, kukhosi kunali ngati ndameza mchenga.

Nkhaniyi ndaiyeza kambirimbiri. Kodi ndinalakwa? Ndikanakhala chete ndikanasunga mawu, koma ndikanamusiya mnzanga yekha pa tsiku lake lowawitsitsa. Yankho loyera sindinalipezebe. Chimene ndikudziwa bwino ndi chotsatira chake.

Loweruka ndinatafuna jinja mpaka lilime kuthetheka, n'kukwera pa siteji. Nyimbo yoyamba ndinaikoka. Yachiwiri ndinaikoka. Pa yachitatu ndinatsegula pakamwa, munatuluka mpweya wokha. Mpweya wokha, abale! Wa kiyibodi anabwereza poyambira, n'kubwerezanso. Munthu wina kumbuyo anafuula kuti, "Magetsi azima kukhosi!" Holo yonse inaseka. Ine ndinangoima.

Kuchipatala dokotala anandiunika kukhosi, nati timinofu totulutsa mawu tinali titavulala kale pa lole paja, ndipo kuimba pa bala kunasiya zipsera. Ndinafunsa kuti, "Adokotala, abwerera liti?"

Anati, "Mama, kulankhula muzilankhula. Za kuimba sindikulonjezani."

Ndinapemphera. Ndinasala kudya. Abusa anandisanjika manja. Mawu sanabwerere. Mbali yanga m'sewero anapatsa wina, ndipo anaichita bwino kwambiri. Kagulu kanapitirira ngati sindinakhalepo. Ndinasiya kubwera kutchalitchi kuno, chifukwa nyimbo iliyonse inali ngati ikundinena. Mavidiyo aja ndinafufuta onse.

Kenako amayi anga ondibereka anamwalira. Apa ndiye pansi penipeni, abale ndi alongo. Tinanyamula thupi kupita nalo ku Nkhata Bay, pa lole. Amayi a chigwirizano anabwera, ngakhale ndinali nditawathawa. Woferedwa sayambitsa nyimbo, zimenezo ndikudziwa. Koma zaka zonsezi amayiwa ankadalira ine, ndipo panalibe wina anazolowera kuyamba. Injini inalira. Mwachizolowezi anatembenukira kwa ine, kenako anakumbukira, n'kuweramitsa mitu. Lole inatuluka mu Chibavi ili zii. Ine amene ndinaperekeza amayi a eni ndi nyimbo, amayi anga ankapita ngati katundu. Ngati katundu!

Ndiye NyaGondwe anayamba. Pepani mnzanga, ndakuonani muli apo, koma inu nomwe mukudziwa kuti kuimba si mbali yanu. Anayambira pamwamba kwambiri. Amayi ena kuthamanga, ena kutsalira, nyimbo n'kumagwa. Sindinaganize kanthu. Dzanja langa linangoyamba kumenya chitsulo cha m'mbali mwa lole. Gu, gu, gu. NyaGondwe anakuwa m'Chitumbuka, "Laŵiskani woko lake! Londezgani woko!" Amayi anayang'ana dzanja langa n'kulitsatira. Ndikalikweza, anakweza mawu. Ndikalitsitsa, anatsitsa. Mpweya anakoka pamene ndinawaonetsa, monga momwe ndinaonera kwa mayi wa ku Portugal uja. Nyimbo sinaleke mpaka kumanda.

Chonde, musaombe m'manja. Sindinachire. Sindikufuna wina atuluke muno akunena kuti NyaChirwa wachira.

Yewo chomene NyaGondwe. Yewo amayi nonse amene munakwera lole ija. Ndikuthokozanso Mulungu, ngakhale chimene ndinapempha sanandipatse, ndipo chifukwa chake sanandiuze. Yankho la funso langa lija ndi laling'ono: chinatsala ndi dzanja. N'chifukwa chake Lamlungu mumandiona nditaima kutsogolo kwa kwaya, pakamwa pali potseka, manja akugwira ntchito. Masiku ena zimandikwanira. Masiku ambiri sizindikwanira. Ku holo ya ku Chibanja sindidutsako, ndimazungulira njira ina.

Sabata yathayi ndinadzitsekera m'chipinda n'kuyesa nyimbo za sewero lija, imodzi imodzi, kuti ndidziwe pamene ndaima. Zinali khumi ndi ziwiri. Khumi ndi imodzi zinakanika poyambira pomwe. Imodzi, yotsika kuposa zonse, ndinaifikitsa pakati.