Tsiku Limene Tizitsulo Tinavala

Akuluakulu a bungwe lathu, mkulu wa labotale, anzanga a pantchito, ndi inu a pabanja, makamaka bambo amene mwakhala kutsogoloko, moni nonse!

Lero tikutsanzikana ndi Mayi Maginito, amene akupuma pantchito. Ana inu, kodi mukudziwa kumene dzinali linachokera? Sabata yawo yoyamba, amayi anuwa analowa m'chipinda cha maginito wamkulu uja ali ndi mapini m'tsitsi. Mapini onse anauluka, tsitsi lili balalabalala. Iwo osatekeseka, anangoti, "Chabwino, makinawa akugwira ntchito."

Alendo athu, ntchito yathu ndi iyi. Timapanga tizitsulo tosaoneka ndi maso, tonyamula mankhwala m'thupi, ndipo maginito ndi amene amakokera tizitsuloto pamene pali nthenda. M'madzi zinkatheka bwinobwino. Koma kungothira m'magazi, tizitsulo tonse tinkaundana ngati simenti yonyowa. Zaka zitatu! Mabwana anatipatsa miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi kafukufuku atsekedwe. Ndiulule lero, ine ndinali nditayamba kale kufunsira ntchito kwina.

Amayiwa anakana kugonja. Magazi oyesera atachepa, anatambasula mkono n'kuuza namwino kuti, "Tengani anga." Bambo, mukukumbuka? Munafika pakhomo paja nkhope ili gwaa, n'kutifunsa kuti, "Kodi mkazi wanga mukufuna mundimalizire?"

Ndiye tsiku lina m'mawa tinangomva kukuwa m'khonde, "Tavala! Tavala!" Ine ndinadziyang'ana n'kufunsa, "Mayi, kodi dzulo tinali osavala?" Iwo amvekere, "Osati inu, tizitsulo!" Anatikokera pa kompyuta. Zoonadi, mapuloteni a m'magazi ankamatirira pa kachitsulo kalikonse ngati chijasi, n'kukasintha khalidwe. Anafufuza kuti ndi mapuloteni ati amene amamata msanga, kenako anakutira tizitsuloto ndi mankhwala oterera. Kuundana kunatheratu! Labotale sinatsekedwe, ndipo ambiri muno munalembedwa ntchito chifukwa cha m'mawa umenewo.

Mayi, zikomo. Kwa zaka makumi atatu mwatiphunzitsa kuyesa katatu tisanayambe kuvina. Munkatikalipira, inde, koma munkatiteteza. Mwana wanga atagonekedwa m'chipatala, munagwira ntchito yanga mwezi wathunthu osauza munthu. Sindidzaiwala.

Pitani mukapume, mukasewere ndi zidzukulu. Lolemba musadzuke m'mamawa. Bambo, foni yawo muibise, chifukwa ife tidzaimba ndithu!

Anzanga, tiyeni tiimirire. Manja amphamvu kwa Mayi Maginito!